Thabwa la Mfuti ya Languitone

Lolemba, 15 Sepitembala

Wandilanda kiyi. Celestina, mwana wa dzulodzuloli, wandilanda kiyi wa nyumba ya chikumbutso pamaso pa Dique mlonda, ngati ndagwidwa ndi nkhuku ya mwini m'thumba. Ine Faquione Sandramo, amene ndinkakonza mfuti za gulu lonse kuthengo pa nkhondo yolimbana ndi Apwitikizi, amayi ake asanamere n'komwe mano.

Mlandu wake, kugwira ntchito bwino.

Ndilembe mmene zinayendera, mwina mtima utsika. Mtsikanayu ndiye woyang'anira nyumbayo, anamutumiza kuchokera ku Tete ndi mapepala ake a sukulu. Lachinayi lapitali anamuitana ku msonkhano, n'kundisiyira kiyi. Akuti vovo, ndiye kuti agogo, mungopukuta fumbi pa mfuti zitatu zija za pepecha, mupake timafuta, chikondwerero cha tsiku la asilikali cha pa 25 chayandikira. Kungopukuta! Ngati waganyu.

Pepecha zitatu, zonse zakufa, mipope anaitseka ndi chitsulo kalekale. Ziwiri za ku Rasha, imodzi ya ku Tchaina. Ya ku Tchaina ngakhale wakhungu aidziwa. Polozera pake ndi kabowo, pomwe ya ku Rasha ndi kampata kotsegula pamwamba, ndipo mtengo wake ndi wopepuka. Akuluakulu anati m'nyumbamo mutsale ziwiri, ya ku Tchainayo ipite kwa anthu a mpingo aja amene amadula mfuti n'kuwotcherera zitsulozo kukhala zinthu zina. Mwa ziwiri zotsalazo, ina ndi ya malemu Languitone, mnzanga, amene anandiphunzitsa zilembo ndikulembazi ndi khala pa bokosi la zipolopolo. Ya 1943. Mwana wake akubwera kuchokera ku Beira kudzaiona.

Ndiye ndinaiyang'ana mfuti ya mnzangayo. Thabwa la paphewa long'ambika, lomangidwa ndi waya, lakuda bii. Ng'oma ya zipolopolo yopindika mbali imodzi. Kulatra, chitsulo chija chothamanga m'mimba mwake, yodyeka ngati dzino la nkhalamba. Ndinati munthu achoke ku Beira konseko kudzapeza bambo ake atavala sanza?

Ndinachita monga tinkachitira. Kuthengo ukalandira mfuti zitatu suzipukuta imodziimodzi ngati mbale. Umamasula zonse, n'kuponya zitsulo m'beseni limodzi la palafini, zitsukike. Kenako zabwino koposa umazimanga pa mfuti ya munthu wabwino koposa, zotsatira pa yachiwiri, zinyalala zonse pa yachitatu. Ndinatero. Ya Languitone ndinaipatsa thabwa losalala la ya ku Tchaina, kulatra yowala, ndi ng'oma yabwino ya inzake ya ku Rasha. Ng'omayo inkakana kulowa, ndinaipala pang'ono ndi tupa. Zakale zake zonse ndinazimanga pa yokadulidwa ija. Timapepala tomangidwa ndi ulusi ndinadula, palafini akanatiwonongabe. Loweruka lole ya a mpingo inabwera, Dique anapereka yonyansayo.

Lero m'mawa ndinavala jekete langa la mendulo kuti ndikalandire zikomo. Mwanayo analowa, anaima, anayang'ana. 

"Vovo, thabwa lija lili kuti?"

"Kumene zinyalala zimapita."

"Ndi ng'oma?"

"Komweko. Taona mmene yakongolera."

Anakhala pansi pa simenti penipeni, atavala siketi ya ku ofesi. Kenako anangotambasula dzanja. "Kiyi, vovo." Sanakweze mawu. Bola akanakuwa.

Sindibwererako mpaka adzapepese pakhomo panga.

Lachiwiri, 16 Sepitembala

Joaquina, mkazi amene ndakhala naye chithere nkhondo, wandipeza ndili pa mpando panja dzuwa litakwera kale. Akuti, "Kodi nduna ya mfuti lero ofesi yatseka?" 

Masana ndinakakhala pansi pa mtengo wa masau moyang'anana ndi nyumbayo. Sikuti ndimafuna kanthu, mthunzi wake ndi wabwino. Dique anawoloka msewu ndi kutsimphina kwake kwa ku nkhondo ya ku Mucumbura kuja, n'kudzakhala pa muzu.

"Kamarada, wamuliza mwana wa eni. Chiyambire dzulo ali pa foni, kufunsa kumene lole inakatsitsa katundu. A mpingo ali ndi owotcherera angapo, sakudziwa kuti yako yonyansa inagwera kwa uti."

"Aimbe mpaka foni itenthe."

"Akuti chitsulo chilichonse chili ndi nambala yake, ngakhale ng'oma. Akuti wasakaniza maliro atatu m'bokosi limodzi."

Ndinamuuza kuti asandiphunzitse za ng'oma. Ndani sadziwa kuti ng'oma ya pepecha ya ku Rasha inkabwera ndi mfuti yake, yoyesedwa pa iyo yokha? Ine ndi amene ndinkatukwana anyamata akabwerekana ng'oma. Ya mnzako imalowa, koma tsiku la moto imakanirira, n'kufa uli chigwirire. Ndinkawauza kuti ng'oma ndi mkazi wa mfuti, sabwereketsa.

Dique anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye iwe wakwatitsa mkazi wa mwini, n'kumupala ndi tupa kuti alowe m'nyumba."

Galu wa munthu. Ndinanyamuka.

Koma mawu aja ndi anga omwe. Andivuta panjira yonse.

Lachitatu, 17 Sepitembala

Afika msanga. Mwana wa Languitone, Ermelinda, ndi bambo ake aang'ono, a Fopenze. Ine m'mutu mwanga anali kamtsikana. Ndi mayi wamkulu, imvi m'mbali, amagulitsa nsomba ku msika wa ku Beira. Asanapite kwina kulikonse anayamba kwanga. Anabweretsa shuga, nsomba zouma, ndi nsalu ya Joaquina. Anagwada pa dothi n'kunditchula bambo.

Joaquina atamupatsa madzi, analandira kapu ndi dzanja lamanzere, kenako n'kuchita manyazi. "Pepani mayi, ndine wamanzere. Amayi ankati ndinatengera bambo."

Anatengeradi. Mpaka kagwiridwe ka kapu.

A Fopenze ndiwo anayala nkhani. Mkazi wa Languitone anamwalira chaka chatha. Ali pa mphasa anati mwamuna wanga alibe manda, akungoyendayenda m'mbali mwa mtsinje wa Luenha, mukamuitane abwere kumudzi. Ndi zoona, manda alibe. Anagwa tikuwoloka, madzi anamutenga, mfuti tinaitola pa mchenga m'mawa mwake. Ermelinda anali m'mimba. Akuluakulu a banja akuti poitana munthu wopanda manda pamafunika chinthu chimene chinamwa thukuta lake. Malaya palibe, chithunzi palibe. Pali mfutiyo. Apempha kwa akuluakulu a boma, aloledwa kuti pa 25 m'mawa, anthu asanadzaze, athire ufa ndi mowa patsogolo pake.

Kenako Ermelinda analankhula yekha, maso ali pansi.

"Amayi anaiona kamodzi, tsiku limene bambo anazemba kubwera kumudzi. Akuti thabwa lake linali ndi kachigwa kosalala mbali yolakwika, pomwe ankatsamiza tsaya. Akuti lamba munamusunthira ndinu, bambo Faquione, kuti akhale kumbali yawo. Ine sindifuna zambiri. Ndingoika tsaya langa pomwe panali lawo."

Ndinasunthadi lambayo. Ndi msomali wotentha, pa msasa wa kuphiri, iye akundinena kuti ndikuchedwa ngati mkamwini wopita kumunda.

Sabata yatha thabwalo ndinali nalo m'manja. Ndinaona mng'alu, ndinaona waya. Kachigwako sindinakaone. Kapena ndinakaona n'kuti kudyeka.

A Fopenze anati popeza ndine womaliza kumuona ali moyo, ufa ndidzathire ndine. Ndinati chabwino. Pakamwa panga panatuluka chabwino. Ermelinda anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, akuti zikomo posunga bambo anga zaka zonsezi.

Atapita, Joaquina anapinda nsalu ija bwinobwino, n'kuiika pamwamba pa sutikesi osaiyesa. Akuti, "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Inu mwawadula mwendo n'kuwaika wa Mtchaina." Nsombazo sanaphike.

Lachinayi, 18 Sepitembala

Sindinatuluke. Ndauza Joaquina kuti ndi mutu.

Lachisanu, 19 Sepitembala

Ndapita ku nyumba ya chikumbutso. Jekete la mendulo ndalisiya. Pakhomo ndinavula chipewa, ine, kuvulira mwana woti ndi mdzukulu wanga. Celestina anandikokera mpando ngati palibe chinachitika. Zimenezo zinawawa kuposa kiyi.

Anatsegula mfuti ya L. patebulo n'kundipatsa galasi lokulitsa zinthu. Akuti onani nambala ya pathupi, onani ya pa kulatra. Ndinati ndaona. Bodza. Ndimangoona nyerere zosungunuka. Anazindikira, anangotenga chala changa n'kuchiyendetsa pa chitsulo. Manambala awiri osiyana, chala chinamva. Pa kulatra pali kachizindikiro ka fakitale ya ku Tchaina. Ndayika mtima wa Mtchaina wa zaka za m'ma fifite m'thupi la Mrasha wa 43, n'kumayembekeza kuwomberedwa m'manja.

Anandionetsa zithunzi za mu foni zimene anajambula atangofika pa ntchito. Mfuti ya L. mmene inalili. Analoza kanthu kakuda kumapeto kwa sipuling'i, pomwe kulatra imagunda ikabwerera.

"Ichi chimandizunguza, vovo. M'mabuku akuti a ku Rasha ankaika kachidutswa kolimba kofiirira, nthawi ya nkhondo ena chikopa. Ichi chili ndi mizere ngati tayala. Simukuchidziwa?"

Ndikuchidziwa. Chenichenicho chitafumbutuka, ndinadula chidendene cha nsapato ya tayala ya Languitone yemweyo. Anayenda mwezi wathunthu nsapato imodzi yaifupi, akunditukwana phiri lililonse.

C. maso anawala. Akuti chimenecho ndiye chuma, palibe buku lili nacho, mwachiika pa mfuti iti?

Sindinachiike paliponse. Ndinachitaya pamodzi ndi palafini wakuda kuseri kwa nyumba.

Ndakwawa kuseriko ndi maondo, kupapasa m'fumbi ndi m'manyi a mbuzi. Amayi opita ku mjigo amaima n'kumandiyang'ana. Wina anafunsa ngati vovo wataya dzino. Palibe chimene ndapeza. Pamenepo amasesa n'kuwotcha Lolemba lililonse.

Dique anabwera kudzandidzutsa. Anandinong'oneza kuti, "Kamarada, ingokhala chete. Mtengo ndi mtengo. Mayi uja thabwalo sanalionepo. Ukapale kachigwa pa latsopanoli, upake makala ndi mafuta, mzimu suwerenga nambala."

Ndisabise, ndinaganizira. Ndikudziwanso mmene ndingapalire. Theka la tsiku lingakwane.

C. anamva, khomo linali lotsegula. Anati, "Ine sindinama, vovo. Koma sindiyamba kunena ndine. Anali mnzanu." Kenako anati wapeza kumene lole inatsitsa: kwa mestre Gimo, mmisiri wowotcherera, ku Matundo, ku Tete. Foni yake sikuyankhidwa. Akupita mawa.

Ndinati ndipita nawo. Anati basi yoyamba.

Loweruka, 20 Sepitembala

Kutentha kwa ku Tete ngati m'ng'anjo. Tinawoloka mlatho, tinatsika, tinayenda kufunsa. Bwalo la Gimo ndi mpanda wa malata, mkati mulu wa zitsulo za mfuti. Ma G3, ma Mauser, ma FBP a Apwitikizi aja a chogwirira cha waya, onse oduka pakati. Fungo la chitsulo chowotcha. Gimo ndi bambo wamfupi, magalasi akuda ali pamphumi, khutu limodzi logontha. N'chifukwa chake foni.

C. anafotokoza mokuwa. Iye akuti pepecha ya kwathu ku Changara? Anadula Lachiwiri. Lachiwiri, ine ndili pansi pa masau kunena kuti aimbe mpaka foni itenthe.

Koma akuti matabwa amayamba wachotsa, moto wa wotcherera sugwirizana ndi mtengo. Amawaunjika kuseri, mayi wophikira antchito amatolako nkhuni. Tinapita kuseriko.

Mulu wofika m'chiuno. Ndinayamba kupatula. A Mauser aatali, kumbali. A AK, kumbali. A pepecha analipo angapo, ena a ku Rasha olemera, ena a ku Tchaina, limodzi la mtengo wachilendo, mwina la ku Hangare. Ndinaona lakuda lomangidwa ndi waya. Ndinalikweza m'mwamba n'kufuula kuti ndi ili! Mawu anga akale aja a pa msasa. Antchito anasiya ntchito kudzaona.

C. analitenga, analitembenuza. Anayankhula motsitsa kuti ena asamve. "Vovo, pomangira lamba pali kumanzere, monga onse. Paja munati munasuntha."

Pamaso pa anthu. Kachiwiri sabata imodzi. Theka la matabwa a nkhondo ija linamangidwa ndi waya, ndipo ine ndi amene ndiyenera kudziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Ndinalibweza pa mulu mwakachetechete. Tinapatula onse mpaka pansi, limodzilimodzi, iye kuyang'ana, ine kupapasa. Palibe. Ndinayang'ana pa mafuwa a mayi wophika. Phulusa lokhalokha.

Ndinakhala pa tayala. Sindikudziwa kuti nkhope yanga inali bwanji, koma Gimo anabwera n'kufunsa kuti kodi madala akufuna lotani kwenikweni. C. anakuwa m'khutu lake labwino: lamba kumanja, kachigwa mbali yolakwika.

"Aa! La munthu wamanzere? Bwanji osanena? Limenelo sindikanapatsa moto. Lili ndi nkhanga."

Anatitengera m'kashedi. Patebulo panali nkhanga yachitsulo. Mimba yake ng'oma ya Languitone, kupindika kwake komwe kuja. Khosi ndi mutu, kulatra yodyeka ija, ataiwotcherera chopindika. Mwendo umodzi, winawo sanaike. Ndipo yaima pa thabwa, ataliboola mabowo awiri n'kumangapo ndi zitsulo.

Ndinaligwira. Chala chinapita chokha pa kachigwa. Posalala ngati mwala wa mumtsinje. Kumbali kwake zipsera za msomali wanga wotentha.

Gimo anamasula osafunsa zambiri. Atamva za mwana wamasiye wa ku Beira anakanda m'mutu, n'kuti tengani ndi mbalame yomwe, ya mwendo umodzi a mpingo sangaifune, adzawauza yekha. Ng'oma ndi kulatra sizingabwererenso pa mfuti, moto unadya. Anandifunsa kuti ndani wopusa anamanga zinthu za Mrasha wakale pa Mtchaina, n'kumangirira ng'oma ndi waya. C. anayamba kunena kuti zinasokonekera ku ofesi. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Pobwerera thabwa analikulunga C. m'nsalu yake. Nkhanga inali pamiyendo panga. Kondakitala akuti, "Madala, nkhuku yanuyo ilipira mpando?" Mayi wina akuti imeneyo msuzi wake ndi wa dzimbiri. Basi yonse kuseka. C. sanaseke. Anandigulira madzi ozizira pa Luenha. Ndinayang'ana kumbali ina powoloka mlatho.

Lamulungu, 21 Sepitembala

Nkhanga ili pansi pa bedi. Joaquina waiphimba ndi chiguduli, akuti ikumuyang'ana. Kutchalitchi wapita yekha. Ermelinda akuti anandifunsa.

Lolemba, 22 Sepitembala

Tabwezera thabwa pa mfuti yake. C. anandipatsa sikuludiraiva, koma anaima pambali panga ngati sajeni. Apa mangani, apa musakhudze. Linalowa lokha, osakakamiza, ngati phazi m'nsapato yakale.

Mabowo awiri a Gimo akuoneka ngati maso. Ndinati ndikhoza kutseka ndi utuchi ndi guluu, n'kudetsa, palibe angadziwe. Anati ayi. Akuti zimene zachitikira chinthu ndi mbali ya chinthucho, ngakhale zoipa. Manja amandiyabwa. Ndinawaika m'thumba.

Kulatra ya ku Tchaina waichotsa, waimangira kapepala kake. Ng'oma yobwereka yabwerera kwa mwini wake, koma tsopano ikugwedera pomwe ndinapala. Ndawononga ziwiri, osati imodzi. Ya L. yatsala yopanda ng'oma, yopanda kanthu m'mimba. Nditainyamula inapepuka ngati mwana wodwala.

Lachiwiri, 23 Sepitembala

Ndinafika mpaka pa mpanda wa a Fopenze. Ndinamva Ermelinda akuseka ndi azimayi akusinja chimera cha mwambo. Kuseka kwa bambo ake. Ndinapitirira ngati ndikupita ku chigayo.

Joaquina akuti, "Munthu amene ankawoloka Zambezi Apwitikizi akuwomba, lero wagonja ndi mpanda wa mapesi."

Lachitatu, 24 Sepitembala

Ndanena.

Ndinawapempha abwere ku nyumba ya chikumbutso masana, Ermelinda ndi a Fopenze. Nkhanga ndinainyamula m'thumba la ufa. C. anatsegula kabati, n'kukaima pawindo. Dique anadzipezera ntchito yosesa pakhomo penipeni.

Ndinayamba ndi beseni la palafini. Ndinanena zonse mwa dongosolo lake, ngati lipoti kwa komandante. Thabwa, ng'oma, kulatra, tupa, chidendene cha nsapato. Ndinanenanso kuti tsiku lija anandigwira dzanja n'kundithokoza, ndinali ndikudziwa kale. Ndinatulutsa nkhanga n'kuiika patebulo. Inagwa chammbali, mwendo umodzi.

A Fopenze anaimirira. "Inu a Sandramo, zaka makumi asanu chinthu chili bwinobwino. Apwitikizi anachilephera, nkhondo yachiweniweni inachilephera, chiswe chinachilephera. Mwachitha inu ndi beseni?"

Ndinati inde.

"Anakutumani ndani?"

Ndinati palibe. Ndinkafuna mnzanga aoneke bwino.

"Ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero, n'kukhala pansi. Anati za ufa aiwale, munthu wotaya nsapato ya malemu sangamuitane kumudzi, angasochere naye. Sindinatsutse. Akunena zoona.

Ermelinda anasendera pafupi ndi kabati. Anapempha C. ndi maso, C. anavomera ndi mutu. Anainyamula mfutiyo. Sanagwirepo mfuti chibadwire, zinaoneka, koma anaitengera kumanzere osauzidwa. Anatsamiza tsaya. Linakhala m'kachigwamo ngati anamuyeza. Anatseka maso nthawi yaitali. Tsache la Dique linasiya kulira.

Atatsegula anayendetsa chala pa zipsera za msomali. "Izi ndi zanu?"

"Zanga. Za 72."

Anasuntha chala kufika pa mabowo awiri. "Nanga izi?"

"Zanganso. Za sabata yatha. Anaboola ndi wina, koma ndi zanga."

Anaika mfuti pansi bwinobwino. Anatenga nkhanga, anaitembenuza, anagogoda pamimba pake ndi chikhadabo. Ndinaona phewa lake likugwedezeka, ndinati akulira. Amaseka. Amaseka misozi ikutsika. Akuti amayi ankati bambo ankadana ndi nkhanga, zinkawadyera mapira. "Taonani tsopano, malume Faquione mwawasandutsa nkhanga."

Malume. Osati bambo ngati tsiku lija. Ndinamva.

Anati mbalameyo apita nayo ku Beira mwambo ukatha, ngati C. alola. C. anati si mfutinso, ndi yake. Za ufa anati athira a Fopenze. Kenako anatembenukira kwa ine. "Koma inu mudzaime kumbuyo kwanga. Bambo akabwera n'kupeza zinthu zawo zasokonekera, adzafuna womufunsa. Ine sindiyankha mlandu wa eni."

Ndidzaima.

Atatuluka, C. anandiwerengera kapepala katsopano koika m'kabati, kolembedwa pa makina. Pepecha ya ku Rasha, 1943, ya Languitone Fopenze, thabwa ndi lake, lamba anasunthidwira kumanja kuthengo. Kenako akuti: zitsulo zina zinasokonekera ndi kutayika poyeretsa. Ndinamuuza awerengenso. Zinasokonekera.

Zinasokonekera zokha? Zinadzuka usiku n'kulowa m'beseni? Mawa kubwera akuluakulu a ku Tete. Akawerenga zimenezo adzayang'ana woyang'anira nyumba, adzati mtsikanayu sadziwa ntchito. Iye akudziwa zimenezo, ndipo walemba choncho dala, kuti nkhalamba isachite manyazi. Sanandifunse ngati ndikufuna kubisidwa kumbuyo kwa siketi yake. Ndinamuuza kuti asinthe. Anati inki yatha, vovo pitani mukapume. Inki sinathe, ndinamva makina akulira nditafika pa msewu.

Ine ntchito yanga sinayendepo yopanda dzina. Mfuti iliyonse yotuluka m'manja mwanga kuthengo anthu ankadziwa kuti yakonzedwa ndi Faquione, ikalira bwino ndi ine, ikakanirira ndi ine.

Joaquina wasita jekete. Ndamuuza achotse mendulo. Wachotsa, ndipo nsalu ija ya ku Beira waivala.

Mawa ndifika tambala asanatsike, ndikakhala pa sitepe. Celestina, ubwere ndi kapepala kena. Ulembe kuti lamba anasuntha ndi Faquione Sandramo mu 72, ndipo zotsalazo anasokoneza ndi kutaya ndi Faquione Sandramo yemweyo chaka chino. Zilembo zikuluzikulu, zoti ndione ndekha popanda galasi lako. Ukapanda kutero ndilemba ndi khala pakhoma, monga anandiphunzitsira mwini mfutiyo. Lemba, Celestina.